Za Kuyesa Zosowa za Wodwala Amene Sadzachira

Mwezi uno ndifuna kuulula cholakwa changa pamaso panu, pakuti ndiyesa kuti ambiri a inu muli nacho chomwecho osadziwa, ndipo nkwabwino kuti mmodzi achite manyazi, anzache napindule.

Chilimwe chathachi, m'midzi imene ndiyendamo munali odwala awiri amene adotolo anawabweza kwao ndi mau akuti mankhwala ochiza nthenda yao palibe. Woyamba anali nkhalamba ya zaka zoposa 70, wodwala khansa ya kum'mero. Nsima inayamba kukana kutsika, pambuyo pache phala, potsiriza ndi madzi omwe anali kulowa ndi kasupuni. Anaonda, natsala mapfupa okha okha. Wachiwiri anali mai wa ana anai, wosakwana zaka 40, wodwala khansa ya khomo la chiberekero. Iyeyu anali kuyenda yekha, kusesa pabwalo, nthawi zina ndi kutereka mphika pamoto. Mukadawaona onse awiri tsiku limodzi, mukadanena monga ndinanena ine, kuti wobvutika ndiye nkhalamba, maiyo akali ndi masiku.

Tsono kwathu kuno namwino wophunzira nchito ya odwala otere ali mmodzi yekha. Afika ndi njinga yamoto tsiku limodzi pa sabata, ndipo mafuta amene apatsidwa sakwanira midzi yonse. Tsiku lina ndiri kumperekeza tinafika pamphambano, njira ina ya kwa nkhalamba, ina ya kwa mai uja, dzuwa litapendeka kale. Iye anasankha ya kwa maiyo. Ndinaipidwa mumtima, ndipo ndinanena naye mwaukali ndithu, ndinati, "Amai, kodi musiya munthu ali kutsirizika, ndi kupita kwa woyenda ndi miyendo yache?" Iye sanakwiye. Anandifunsa nati, "Aphunzitsi, agogo aja asowa chiani lero chimene a m'nyumba mwao sangathe kuwachitira?" Ndinalingalira, ndi kusowa choyankha. Ululu wao unali utagonja ndi mankhwala. Ana ao akazi atatu anali kusinthana kuchezera usiku. Za minda anali atanena kale pamaso pa amfumu, ndipo mbale wao amene anadana naye zaka zambiri anali atabwera, nagwirana chanza. "Nanga amai aja," anatero namwino, "mudziwa kumene agona?" Sindinadziwe. Ndinali nditawachezera katatu, tiri pakhonde, ndipo katatu konse anandiyankha kuti, "Tiri bwinoko, aphunzitsi."

Chisamaliro chimene namwinoyo achita, Angelezi achitcha palliative care. Ife amene tinalawako Chilatini pasukulu tidziwa kuti dzinali lichokera ku liu lakuti pallium, ndilo chopfunda: munthu amene sungathe kumchiza, ungathe kumupfunditsa kuti asazizidwe. Dzinali analiyamba ndi dotolo wa ku Canada, Balfour Mount, amene anatsegula chipinda cha odwala otere m'chipatala cha Royal Victoria ku Montreal m'chaka cha 1975. Koma amene anaswa mphanje ndiye mai wa ku England, Cicely Saunders, wobadwa m'chaka cha 1918. Poyamba anali namwino, pambuyo pache wothandiza odwala pa zobvuta za kunyumba, ndipo m'chaka cha 1957 anakhala dotolo. M'chaka cha 1948 anasamala munthu wa ku Poland dzina lache David Tasma, amene anali kufa yekha m'dziko lachilendo, ndipo iyeyu anamsiyira mapaundi 500 kuti adzayambire nyumba ya odwala onga iye. Panapita zaka 19 kuti nyumbayo iime. Inatsegulidwa ku London m'chaka cha 1967, dzina lache St Christopher's Hospice, ndipo momwemo mwini wacheyo anamwalira m'chaka cha 2005.

Chimene maiyu anatisiyira choposa njerwa za nyumbayo ndicho chiphunzitso chache cha ululu. M'chaka cha 1964 analemba za mai wina amene anamfunsa za kuwawa kwache. Wodwalayo anayamba kunena za msana, koma sanalekeze pamenepo. Ananena kuti tsopano zonse za iye zinali ngati zalakwika, kuti mwamuna wache ndi mwana wache akadataya malipiro akadakhala kunyumba kumdwazika, kuti anali kulakalaka mankhwala koma kuopa kupempha, ndi kuti anali kumva ngati dziko lonse lamuukira. Saunders anaona kuti m'kuyankha kumodziko munali kuwawa kwa thupi, nkhawa ya mumtima, umphawi wa pabanja, ndi kusowa mtendere kwa mzimu, ndipo zonsezi pamodzi anazitcha ululu wathunthu. Tanthauzo lache ndi lakuti zinaizi siziima padera padera ngati mitengo ya m'munda. Zilukana, ndipo china chikulitsa chinzache.

Pano ndipo pagona nkhani yathu. Pali mtolo wolemera, palinso ukonde wopiringizika, ndipo ziwirizi nzosiyana. Mtolo wa nkhuni, ungalemere chotani, ukapeza anthu okwanira unyamulika, ndipo aliyense adziwa pogwira. Koma ukonde ukapiringizika, mphamvu sizithandiza. Ukakoka pano, mfundo ya apo ilimba. Nkhalamba ija inali ndi mtolo wolemera koposa, ndiwo imfa yoyandikira, koma osenza analipo. Za mai uja ndinazidziwa madzulo omwewo, namwino atapempha apongozi ndi ine kuti tiyambe tachoka, nakhala naye awiri m'kanyumba kophikira. Ndimo m'mene anali kugona, chifukwa cha pfungo la nthenda yache. Anali wa chitengwa, kutali ndi abale ache. Mwamuna anali atapita ku maesiteti a fodya, osatumiza mau kapena ndalama. Apongozi anali kunong'ona kuti nthenda yotere igwera akazi osakhulupirika. Mankhwala ache a ululu anali atatha masabata awiri apitao, ndipo ya kabaza yokatengera ena panalibe.

Taonani m'mene zilukirana. Popeza panalibe ndalama, panalibe mankhwala. Popanda mankhwala, usiku wonse anali kubuula. Mwana wache woyamba, msungwana wa zaka 13, anali kuchezera naye, ndipo m'mawa analibe mphamvu yopita kusukulu, mpaka analeka. Amache poona mwana wasiya sukulu chifukwa cha iwo, mtima unasweka, nayamba kubisa kuwawa kuti mwanayo agoneko. Ndipo munthu wa nkhawa ndi wosagona tulo amva ululu woposa. Ku mapemphero analeka kufika poopa kuti anzache adzatseka mphuno, ndipo pokhala yekha anayamba kuganiza kuti apongozi anena zoona, kuti ndi Mulungu yemwe wamtaya. Ndifunse tsono, mwa izi zonse, nthenda ndi iti? Dotolo akadampatsa botolo la mankhwala lokha, likadatha m'masabata owerengeka, ndipo zonse zikadabwerera m'malo mwache.

Anthu ophunzira ayesa zaka zambiri kuika mau olongosoka pa chinthu chimenechi, ndipo agwirizana pa zina, pa zina iai. M'chaka cha 2018 Sophie Pask ndi anzache a ku King's College London analengeza zimene anapeza atacheza ndi anthu 65, ndiwo odwala, abale ao, anamwino, adotolo ndi oyang'anira nchito. Anabwereka nzeru ya Urie Bronfenbrenner, amene anali kuphunzitsa kuti mwana akula pakati pa mabwalo ozungulirana, banja, sukulu, mudzi ndi dziko, ndipo anati wodwala naye ali chomwecho. Pakati pali iye mwini ndi zosowa zache. Pomzinga pali abale ndi omsamala ndi m'mene amvanirana. Kunja kwache kuli zipatala ndi zimene ziri nazo kapena zisowa. Kunja kwenikweni kuli miyambo ndi maganizo a mtundu wonse pa za imfa. Ndipo zonsezi zisintha ndi nthawi. Anatchulanso zobvuta zimene munthu anali nazo kale asanadwale, monga umphawi kapena kusokonezeka kwa maganizo. Zina zimene ziunjikana pang'ono pang'ono. Ndi zina zosaoneka ndi maso. Zosaonekazi ndizo zinandipusitsa ine.

Ku Spain anapita patsogolo, napanga miyeso yolembedwa. Wa ku Andalusia, wotchedwa IDC-Pal, uyang'ana wodwala, banja lache ndi kayendetsedwe ka chithandizo, nugawa odwala patatu: amene zosowa zao sizinapiringizike, amene zapiringizika, ndi amene zapiringizika koposa, ndipo otsirizawa ndiwo ayenera akatswiri. Wa ku Catalonia, wotchedwa HexCom, uyang'ana mbali zisanu ndi imodzi, ndizo thupi, maganizo, banja ndi chuma, mzimu, zosankha zobvuta za chabwino ndi choipa, ndi za imfa yeniyeniyo, monga kumene munthu afuna kufera. Chimene ndiukondera muyeso umenewu ndi ichi: sufunsa kuti nthenda yakula motani, koma ulinganiza zosowa ndi thandizo limene liripo. Ndilo funso lomwe lija namwino anandifunsa pamphambano. Kunena kwina, kupiringizikako sikuli m'thupi la wodwala mokha, kuli pa mpata wa pakati pa chimene asowa ndi chimene omzinga angathe. Chifukwa chache nthenda imodzimodzi ingakhale yapafupi kusamala m'nyumba iyi, ndi yozunguza mutu m'nyumba iyo, ndipo bala limene ku London asamala tsiku ndi tsiku osatekeseka, kwathu kuno lingathe kuthamangitsira munthu kukhitchini.

Koma miyeso ya ku Ulaya inapangidwira anthu a ku Ulaya. Bungwe la African Palliative Care Association, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2004 ndipo likulu lache liri ku Kampala, linathandizana ndi a King's College London kukonza muyeso woyenera ife, wotchedwa APCA African POS, nauyesa ku South Africa ndi ku Uganda. Uli ndi mafunso 10 okha. Mafunso 7 ndi a wodwala: ululu wache m'masiku atatu apitao, zobvuta zina za thupi monga nseru kapena chifuwa, nkhawa yache pa nthendayo, ngati atha kuuza abale za kukhosi kwache, ngati aona moyo kukhala wa phindu, ngati ali ndi mtendere, ndi ngati banja lalandira uphungu wokwanira wokonzera za m'tsogolo. Mafunso 3 ndi a womdwazika: ngati auzidwa zokwanira, ngati adzimva kuti atha nchitoyo, ndi nkhawa ya banja. Funso liri lonse liyankhidwa kuyambira 0 kufikira 5, ndipo wosadziwa kuwerenga ayankha ndi dzanja: chibakera chofumbata ndiye palibe, zala zisanu zotambasula ndiye kwafika posapiririka. Taonani kuti mwa mafunso 10 amenewa, awiri okha ndiwo a thupi.

Ndinaona ndi maso anga phindu la dzanja limeneli. Ife Achewa tinaleredwa kuti mlendo sumlandira ndi madandaulo. Munthu angakhale pa mphasa ya imfa, ukamfunsa wadzuka bwanji, ati, "Pang'ono pang'ono." Mkazi sanena za nthenda ya kumaliseche pamaso pa apongozi, kapena pamaso pa mwamuna, angakhale mphunzitsi. Koma chimene pakamwa pachita nacho manyazi, dzanja linena. Mai uja, amene anandiuza katatu kuti ali bwinoko, anatukula zala zisanu pa funso la ululu, ndi zisanu pa funso la nkhawa. Komatu musayese kuti pepala lichita nchito lokha. Wofunsa waphuma, woimirira pakhomo cholembera chiri m'manja, alandira manambala abodza, nabwerera wokondwa. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Namwino uja anakhala pansi pa mphasa ola lathunthu, ndipo mafunso khumiwo anali ngati khomo lolowera, osati nyumba yeniyeniyo.

Chinanso, kuyesa kamodzi sikukwanira, pakuti zosowa sizikhala malo amodzi. A ku Australia, kuyambira zaka za m'ma 1990, agawa ulendo wa wodwala m'nyengo zisanu: nyengo ya bata, pamene chithandizo chimene chiripo chikwanira, nyengo ya chipwirikiti, pamene bvuto latsopano labuka mwadzidzidzi ndipo pafunika kusintha zinthu msanga, nyengo yofooka pang'ono pang'ono, masiku otsiriza, ndi nyengo ya chisoni cha otsala. Sizitsatana ngati masitepe iai, munthu angachoke pa bata kugwa m'chipwirikiti, nabwereranso pa bata. Ndipo chipwirikiti chingabwere nthenda isanasinthe konse. Mwana wamkazi wodwazika akatenga pakati, kapena nkhokwe ikatha m'mwezi wa Januwale, wodwala amene dzulo anali pabwino lero ali pangozi.

Kapena wina ati, nanga bwanji kugawa odwala chotere, si onse ayenera chifundo? Inde, onse ayenera. Koma tamverani chiwerengero. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalengeza m'chaka cha 2020 kuti anthu pafupi 56.8 miliyoni asowa chisamaliro chimenechi chaka ndi chaka, ochuluka a iwo ali m'maiko osauka ndi apakati, ndipo olandira ndi 14 okha mwa 100 ali onse. M'Afirika muno nchitoyi inayamba ndi Island Hospice ku Harare m'chaka cha 1979. Ku Uganda Dr Anne Merriman anayamba Hospice Africa Uganda m'chaka cha 1993, nafalitsa mofini wakumwa wotsika mtengo, ndipo m'chaka cha 2004 dzikolo linalola anamwino ophunzitsidwa bwino kulembera odwala mankhwalawo. Ku Malawi kunayamba Tiyanjane ya akuru ndi Umodzi ya ana pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi Ndi Moyo ku Salima. Nchito yakula, koma odziwa akali owerengeka. Pamene namwino ali mmodzi ndi midzi makumi awiri, kusankha kulipo, tifune tisafune. Akapanda kusankha ndi muyeso, adzasankha motsata ofuula kwambiri, kapena okhala pafupi ndi mseu, kapena amene mphunzitsi wawalankhulira; ndipo wogona kukhitchini, wosadandaula, sadzafikiridwa konse. Zosowa zapafupi zisamalidwe ndi banja, odzipereka a m'mudzi ndi alangizi a zaumoyo, kuti katswiri asunge mphamvu zache pa mfundo zimene ife sitingathe kumasula.

Ukonde wa mai uja unamasuka motani? Sunamasuke wonse, ndisakunamizeni. Namwino anayamba ndi thupi, pakuti munthu ali mu ululu samva uphungu. Anampatsa mofini wakumwa, nalangiza msungwana uja kuti aziwapatsa pa maora 4 ali onse, osadikira kuti kuwawa kuyambe, pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba, chifukwa mofini adzimbitsa. Apongozi anaopa kuti mankhwala amenewa afulumiza imfa. Anawafotokozera kuti akaperekedwa mwa muyeso wache satero. Pa pfungo anapereka metronidazole, amene ambiri amdziwa ndi dzina lakuti Flagyl, ndipo sabata isanathe maiyo anabwerera m'nyumba. Kwa apongozi ananena poyera kuti nthendayi iyamba ndi kachirombo kofala kwambiri, kamene angakatenge ndi mkazi wa mwamuna mmodzi yekha moyo wache wonse, ndi kuti Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ichuluka koposa. Mai wokalambayo sanayankhe kanthu, koma m'mawa mwache anaphika phala.

Zotsalazo zinagwera ife. Amai a m'mudzi anagawana masiku ochezera usiku, ndipo mwana anabwerera kusukulu. Mnyamata wina wa kabaza anabvomera kukatenga mankhwala kuchipatala mwezi ndi mwezi pa ulendo wache womwe. Ine ndinatumidwa kwa mlongo wache wa wodwalayo, mwini mbumba, ulendo wa tsiku lathunthu, kukamuuza kuti mlongo wache afuna kudziwa, akali ndi moyo, kumene ana ache adzakhala. Pano ndipo panali mfundo yeniyeni, yoposa ululu ndi pfungo. Malume a anawo anadza, nakhala pansi ndi akuchimuna masiku awiri. Anagwirizana kuti wodwala apite kwao akafere pakati pa abale ache, monga anafunira mwini, ndipo anamnyamula pa ngolo pamodzi ndi ana awiri ang'ono. Za ana awiri akuru sanamvane, ndipo mpaka lero mlanduwo uli kwa amfumu. Mwamuna uja sanabwere. Tsiku lotsiriza limene ndinamuona, namwino anamfunsa za ululu, natukula chala chimodzi. Za nkhawa, anatukula zitatu. Anamwalira mbvula zoyamba zitagwa.

Nkhalamba ija inamwalira sabata lachitatu kuchokera tsiku la pamphambano, usiku, ana ache alipo, monga namwino anayembekezera. Maliro anayenda bwino, ana anabwerera ku mabanja ao, ndipo ife tonse tinayesa kuti nkhani ya nyumba imeneyo yatha. Koma sabata yatha namwino anadzera kumeneko, napeza agogo akazi, amene anakhala ndi malemuwo zaka zoposa 50, ali okha m'nyumba, moto wosakoleza masana onse, ufa uli m'dengu wosakhudzidwa. Pa nthawi ya kudwala kuja palibe anawafunsa kanthu, pakuti sanali kulira, ndipo nchito zonse anali kugwira ndi ana. Namwino sadzafikako mpaka mwezi wa mawa, chifukwa kutsidya kwa mtsinje kwapezeka mnyamata wa zotupa za Kaposi m'miyendo amene aleredwa ndi agogo ache osaona. Wandipempha kuti ndipiteko ine Lachinai, pamodzi ndi mai mmodzi wachikulire wa m'mudzimo, ndi kuti tisakakhale pakhonde.

Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wa mawa.